Mapiritsi a Estina ndi Kapu ya ba Olipa

Mukatsika basi pa Chinyunyu musavutike kufunsa kuti vitumbuwa vabwino vili kuti. Tsatani mphuno. Mudzapeza mayi wamfupi atakhala pa chigubu pafupi ndi mbaula, akuseka ndi munthu amene sanamuonepo chibadwire. Ameneyo ndiye Estina. Winayo wa pambali pake, wogulitsa mazira owiritsa ndi nthochi, nkhope ili ngati amubera nkhuku, ndine Dorcas. Takhala moyandikana m'mbali mwa msewu umenewu zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndikanena za Estina sindinena zongomva.

Khunyu linamuyamba ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Anagwa pa mzere wa m'mawa kusukulu, ndipo mawa lake anapeza anzake onse atasamuka pa benchi yake. Kuno kwathu anthu ambiri amakhulupirira kuti ukakhudza malovu a munthu wa khunyu, basi nawe lakulowa. Ndi bodza, koma bodza limeneli lili ndi miyendo. Kunyumba anamupatulira kapu yakeyake, namanga ulusi wofiira pa chogwirira kuti wina asamweremo mwangozi. Sukulu anasiyira giledi faifi.

Atate ake, ba Whiteson, anayesa zonse. Mizu anamumwetsa, mapemphero anamutengera, m'madzi otentha a pa kasupe anamusambitsa mpaka khungu kufewa ngati mbatata yophika. Palibe chinasintha. Potsiriza anagulitsa mbuzi nakwera naye minibasi kupita ku chipatala ku Mpanshya. Kumeneko anamupatsa mapiritsi, namuuza kuti azimwa kawiri pa tsiku, nthawi yomweyomweyo, osadumphitsa ngakhale kumaliro.

Manje pakhomo panalibe wochi. Ba Whiteson, munthu wanzeru zake, anati, "Basi yobiriwira ija yopita ku Chipata ikaliza hutala m'mawa, umwe. Ikamabwerera madzulo, umwenso."

Kuyambira tsiku limenelo Estina wakhala akumwa mankhwala mwa basi. Ikaliza hutala pa kona, iye amasiya chilichonse, n'kutulutsa kabotolo m'chitenje, n'kutunga madzi ndi kapu yake ya ulusi wofiira. Basi ikachedwa, amayang'ana dzuwa n'kutukwana dalaivala. Kugwa kunachepa mpaka pena chaka kutha osagwa. Matendawo anawatcha apongozi. "Apongozi anga sabwera kawirikawiri," amatero, "koma akabwera sagogoda."

Ndi mmene alili Estina, chilichonse amachisandutsa nthabwala. Ine zimandikwiyitsa. Makasitomala ena ankati akamva za matenda ake ankasiya kugula, iye n'kumangoti, "Asiye, vitumbuwa vanga vilibe njala."

Anakwatiwa ndi Patson, womata matayala uja wa pansi pa mtengo wa mango. Mwamuna wabwino, sindikana, koma ndi uja amene amakhulupirira munthu womaliza kulankhula naye. Abale ake sanaufune ukwatiwo, makamaka azakhali ake, ba Olipa, amene anamulera makolo ake atamwalira. Ba Olipa si mfiti, iyayi. Amaimba kwaya, amadwazika odwala, amalima chimanga kuposa amuna. Koma khunyu ankaliopa ngati njoka. Akabwera kwa Patson ankanyamula kapu yawo yachitsulo m'chikwama, ndipo zaka zitatu zonse za ukwatiwo sanalawepo chitumbuwa cha Estina ngakhale chimodzi. Moni ankapereka ataima patali, manja kumbuyo.

Tsono Lolemba lina m'mwezi wa Okutobala, kutentha kuja koti phula la pamsewu limanunkha, basi yobiriwira inaliza hutala. Ine ndinali kusenda dzira la kasitomala. Ndinadikira kumva kabotolo kakugwedezeka, koma zii. Estina anangopitiriza kutembenuza vitumbuwa.

"Iwe, basi yapita," ndinatero.

"Ndaiona, ili ndi matayala," anayankha.

Madzulo chimodzimodzi. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu ndinamupeza kuseri kwa sitolo akutafuna dothi la pa chulu, mango osapsa ali m'dzanja. Ine ndabereka ana anayi, simungandiuze. Estina anali ndi pakati.

Apa mundimvetse, chifukwa mlendo angati, nanga bwanji osangomufunsa? Kwathu mimba yoyamba sitchulidwa. Mwini wake saitchula, mwamuna saitchula, mnzako ukaiona umatseka pakamwa. Imadikira mayi wamkulu wa kuchimuna. Iye amabwera m'mawa, n'kuvumata madzi m'kamwa, n'kumufwaza mtsikanayo pamimba, n'kunena poyera kuti uli ndi pakati. Zikatero ndiye ena onse amamasuka. Mwambowu umachitika mimba itayamba kuoneka, ndipo amati ukaitchula nthawi isanakwane waitanira tsoka. Ya Estina inali isanathe miyezi iwiri. Ndipo mayi wamkulu wa kwa Patson anali ba Olipa.

Choncho ndinalankhula mozungulira ngati wofunsira mbeta. "Estina, munthu akakhala mmene uliri iwemu, mapiritsi amawasiyiranji?"

Anaika mango pansi. Kwa nthawi yoyamba sanaseke.

"Dorcas, ndili mtsikana ba nesi anandiuza kuti mankhwala ena a khunyu angathe kuvulaza mwana wosabadwa. Anati tsiku limene ndidzafune banja ndidzayambe ndawauza. Ndinaiwala, zaka zitatu palibe chinachitika. Manje chachitika. Ndikamwa, ndiopa. Azimayi ku chigayo akuti mankhwala owawa amachotsa. Ndikapita ku kiliniki adzandifunsa, ndipo ndidzayenera kutchula."

"Ndiye wasankha kugwera m'mafuta a saladi?"

Ndinaloza chiwaya. Mafuta anali kubwadamuka, malita awiri athunthu, pa mbaula yofika m'mawondo mwake. Munthu amene khunyu lake siligogoda, atakhala pamenepo tsiku lonse wopanda piritsi m'thupi, ndi mwana m'mimba. Ndinachita mantha, ndinene zoona, ndipo ine ndikachita mantha ndimakalipa.

"Ndi miyezi iwiri chabe," anatero. "Ikaoneka, ba Olipa abwera, kenako ndipita."

"Apongozi ako aja wawauza kuti adikire miyezi iwiri?"

Anaseka pang'ono, koma piritsi sanamwe.

Mawa lake kunabwera Patson ndi nzeru zake. Anafika monyang'ama, ketulo m'manja, kumbuyo kwake kuli Lucky, kondakita wa minibasi amene amadziwa zonse za padziko kupatula kubweza chenji. Patson anali atazindikira kuti mkazi wake wasiya mankhwala, ndipo m'malo mofunsa anthu anafunsa Lucky.

"Ba Dorcas, musakalipe," anayamba Patson. "Lucky waona pa foni. Azungu manje akuchiza khunyu ndi chamba. Achita kafukufuku. Ndi zachilengedwe, sizowawa ngati mapiritsi. Tawiritsa pang'ono chabe, ngati tiyi."

Ndinatsegula ketulo. Mayo ine, fungo lake! Madzi obiriwira, masamba akuyandama.

"Azungu ake ati?" ndinafunsa.

"A pa foni," anatero Lucky.

"Anakuonetsa akuwiritsa m'ketulo ya kwa Patson? Anakuonetsa akumwetsa mayi amene ali mmene aliri uyu?"

Lucky anayamba kufufuza pa foni, akuti netiweki yavuta. Ine ndinanyamula ketulo n'kukhuthulira zonse mu ngalande. Safunsa anadya phula, ndinamuuza Patson, koma iwe wafunsa chitsiru, ndiye udya chiyani? Anangoweramitsa mutu, maso atadzaza misozi. Pamenepo ndinamumvera chisoni, chifukwa nayenso anali kuopa, ndipo nayenso mwambo unamutseka pakamwa. Mbuzi ya a sitolo inanyambita masamba aja mu ngalande, ndipo inathera masana onse itaima chilili kuyang'ana chikwangwani cha basi.

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, ndinabwereka njinga ndi kupita kwa ba Olipa. Ndinawapeza akukonola chimanga pabwalo. Ndinagwada, ndinawomba m'manja, ndinapereka moni wonse monga mwana woleredwa. Kenako ulemu unandithera.

"Amayi, kwa Patson kuli ntchito yanu. Mubwere mawa m'mawa ndi madzi."

Anasiya musi. Anamva bwinobwino, nkhope inawala kaye, kenako inachita mdima.

"Yaoneka?"

"Sinaoneke."

"Ndiye ndibwere kudzatani? Zinthu zili ndi nthawi yake, Dorcas."

Ndinawafotokozera za mapiritsi, za chiwaya, za ketulo ya Patson. Ndinati mtsikanayo sapita ku kiliniki mpaka inu mutsegule pakamwa pake, ndiye tsegulani. Anapukuta manja. Kenako ananena chimene chinali pansi pa mtima.

"Mwambo umenewo umafuna kuyandikira. Umagwira munthu pamimba. Nanga akagwa ndili pomwepo? Ine ndili ndi adzukulu kuno."

"Ine ndamupukuta thovu kasanu ndi manja awa!" ndinakuwa. "Ndagwa liti? Ana anga anayi agwa liti? Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma inu moto wafika pakhomo mukuthawa ndi kapu m'chikwama!"

Ee, ndinanena zimenezo kwa munthu wamkulu, ndipo sindinyadira. Ba Olipa ananyamula musi nayambanso kukonola ngati palibe munthu. Ndinapalasa njinga kubwerera ndikulira ndi ukali.

M'mawa wa Lachisanu ndinasuntha tebulo langa kuliika pafupi kwambiri ndi mbaula ya Estina. Iye anati ndikumubera makasitomala. Anthu anali ambiri tsikulo, ena a tchalitchi obwera kudzaona madzi otentha, ena odikira minibasi ya ku Lusaka. Basi yobiriwira inaliza hutala n'kudutsa. Estina anali pakati pouza mayi wina nthabwala, supuni yaikulu m'dzanja. Ndinamva mawu ake ataduka pakati. Nditacheuka, maso ake anali atayima.

Sindinaganize. Ndinamukankhira kumbuyo ndi phewa, n'kugwira chiwaya ndi manja kuti chisamutsate. Mafuta anandithirikira pa mkono wamanja, kuchokera pa chigongono mpaka pa dzanja. Ululu wake sindingaufotokoze. Estina anagwa chagada pa miyala, thupi likugwedezeka, mutu ukumenya pansi, thovu likutuluka.

Ndipo anthu, anthu a Mulungu aja ovala mayunifomu a tchalitchi, anabwerera m'mbuyo onse pamodzi. Wina anakoka mwana wake. Wina anakuwa kuti mulowetseni supuni m'kamwa, koma ali kutali.

"Osamuika kanthu m'kamwa!" ndinakuwa. "Mugwireni mutu! Mugonekeni cham'mbali!"

Dzanja langa silinkagwira. Patson anali kutali ku matayala ake. Ndinayesa ndi lamanzere, koma sindinathe kumutembenuza.

Pamenepo wina anadutsa pakati pa gulu lija, chikwama chikugwa pansi, kapu yachitsulo ikugubuduka pa miyala. Anali ba Olipa. Mpaka lero amati anangobwera kudzagula sopo. Sopo wanji wonyamulira botolo la madzi kuchokera kunyumba? Anagwada, nanyamula mutu wa Estina nauika pa miyendo yawo.

"Ndichite bwanji, Dorcas?"

"Cham'mbali, amayi. Musamupanikize. Chisiyeni chithe chokha."

Anamutembenuza. Thovu linatsikira pa chitenje chawo, pa dzanja lawo. Analiyang'ana, ndipo ndinaona kuti mtima wawo ukufuna kuthawa. Koma anatenga nsonga ya chitenje napukuta pakamwa pa Estina pang'onopang'ono, monga umapukutira mwana akadya phala.

Patapita mphindi zingapo Estina anatsegula maso. Anayang'ana kumwamba naona nkhope ya ba Olipa pafupi chonchi, chinthu chimene anali asanachionepo.

"Ndafa?" anafunsa.

"Khala chete," anatero ba Olipa. Anadikira mpaka nzeru zitamubwerera bwino, namukhazika tsonga. Kenako anatola kapu yawo, nathiramo madzi a m'botolo, navumata. Pomwepo, m'mbali mwa msewu waukulu, pamaso pa a tchalitchi ndi makondakita, anamufwaza madziwo pamimba, naikapo dzanja.

"Uli ndi pakati, mwana wanga. Ndatchula ndine. Ngati pali tsoka libwere kwa ine. Manje nyamuka ukauze ba nesi."

Tinapita tonse ku kiliniki pa minibasi ya Lucky, ndipo tsiku limenelo sanalankhule za foni. Ine anandimanga mkono, Estina anamuyeza. Ba nesi anamukalipira mwachikondi. Anati n'zoona kuti mankhwala ena a khunyu si abwino kwa mwana wam'mimba, makamaka miyezi yoyambirira, ndiye chifukwa chake amafuna kudziwa msanga. Koma kusiya wekha mwadzidzidzi ndi koopsa kwa mayi ndi mwana yemwe. Anamutumiza kwa dokotala ku Mpanshya, amene anaona mtundu wa mapiritsi ake, namusinthira ena pang'onopang'ono, namuwonjezera timapiritsi tachikasu tothandiza kuti msana wa mwana uumbike bwino.

Patson, mwamanyazi, anafunsa za chamba. Dokotala sanaseke. Anati ofufuza anatengadi kanthu kamodzi m'chomera chimenecho, nakayeretsa, nakayesa muyezo wake pa ana ena a khunyu losamva mankhwala. Koma zimenezo si masamba a m'ketulo, ndipo mayi wapakati chamba asachiyandikire n'komwe. Ine ndinamuyang'ana Patson mpaka anayang'ana kudenga.

Tsiku lina la sikelo kunabwera mayi wa kafukufuku wochokera ku Lusaka. Anapempha Estina ngati angalole kuti azilemba za iye mpaka mwana abadwe ndi kuyamba kuyenda. Anati ndi mmene amadziwira mankhwala abwino kwa azimayi apakati, potsatira azimayi enieni ngati iye. Estina anavomera msanga. "Lembani," anatero. "Kusukulu anandithawa pa benchi, manje ophunzira akunditsata ndi bolopeni."

Koma palibe amene anamulonjeza kuti mwana adzabadwa bwino. Dokotala ananena poyera kuti ayesetsa, koma kulonjeza sangathe. Miyezi isanu ndi iwiri imeneyo Estina ankaseka masana, koma ndinkamuona akasiya kuseka, dzanja lili pamimba, akuwerenga m'mutu masabata amene anamwa mapiritsi akale ndi masiku amene sanamwe kanthu. Chiwaya tinamuletsa. Iye ankakanda ufa atakhala patali, ine ndinkakazinga ndi dzanja lamanzere, ndipo makasitomala ankadandaula kuti vitumbuwa vasintha mawonekedwe.

Mwana anabadwa mu Meyi, nthawi yokolola, ku chipatala. Mtsikana. Ba Olipa anamuvundukula yense, nawerenga zala za m'manja ndi za kumapazi, namutembenuza kuona msana, nawerenganso zala kachiwiri ngati zingasinthe. Zonse zinali m'malo mwake. Patson anafuna kumutcha Victory, ndipo kamodzi m'moyo wake ananena chanzeru.

Estina anabwerera pamsewu mwana atakwanitsa miyezi itatu. Ba Olipa anabwera naye, akuti kudzanyamula mwana kuti utsi usamulowe. Anakhala pa chigubu changa osapempha. Tinali pakati pokangana za mtengo wa makala pamene basi yobiriwira inaliza hutala pa kona.

"Estina, basi!" tinakuwa tonse awiri, ine ndi ba Olipa.

Estina anatulutsa kabotolo, naika piritsi pa lilime, nayamba kufufuza m'dengu. Kapu ya ulusi wofiira munalibe, anali ataiiwala kunyumba m'chipwirikiti cha matewera. Anaima pamenepo piritsi likusungunuka m'kamwa, nkhope itakwinyika ndi kuwawa, akuyang'ana uku ndi uku. Kuyambira ali ndi zaka khumi ndi chimodzi anali asanapemphepo kapu ya munthu, ndipo sanadziwe poyambira.

Ba Olipa, mwana ali kumsana, anapisa m'chikwama natulutsa kapu yawo yachitsulo. Anatunga madzi namupatsa. Estina anazengereza.

"Imwa, iwe, piritsi likutha."

Anamwa theka nabweza kapuyo, akufuna kutaya otsalawo ndi kuitsuka. Ba Olipa anamulanda.

"Madzi akuvuta kutunga masiku ano," anatero, namwa onse otsalawo, mbali yomweyo imene Estina anamwera. Kenako anatola chitumbuwa m'beseni, naluma, natafuna. "Shuga wachepa."

Ndinadikira nthabwala, chifukwa Estina sasowa yankho. Sinabwere. Mayi amene anaseka pomuthawa pa benchi, amene anaseka atadzuka pa miyala, anakhala pansi pa chigubu, naphimba nkhope ndi chitenje, nalira mokweza ngati kamwana. Inenso ndinalira, ndipo kasitomala amene anafunsa ngati kwagwa maliro ndinamuuza kuti agule dzira kapena apite.

Kapu ya ulusi wofiira ija ilipobe. Estina amatungira ufa.